Ovina ndi amayi, okolola ndani?

Mabuku olembedwa za ife amachedwa kutifika. Buku la Lisa Gilman lotchedwa The Dance of Politics: Gender, Performance, and Democratization in Malawi linasindikizidwa ndi Temple University Press ku Philadelphia mu 2009, koma kwa owerenga ambiri a kuno ku Thyolo likadali latsopano. Nkhani yake yokha siyachilendo. Palibe munthu wa ku Masambanjati, ku Makwasa kapena ku Thekerani amene sanaonepo amayi atavala nsalu ya chipani, akuvina pamsonkhano wa ndale pamene abwana ali pansanja. Gilman watenga chinthu chimene tinachizolowera mpaka kuleka kuchiona, n'kuchifunsa mafunso amene timafunsa pa ntchito ina iliyonse: akugwira ndani, akulipira ndani, nanga phindu likupita kwa yani? Chifukwa cha mafunso amenewa, ndikuti bukuli ndi lofunika kuliwerenga.

Gilman ndi katswiri wa ku America wa maphunziro a miyambo ndi magule. Kafukufuku wake anachita m'zaka zozungulira chisankho cha 1999 ndi cha 2004, akupita m'misonkhano ya zipani, kucheza ndi amayi ovina komanso andale. Mu 2001 anali atalemba kale nkhani m'magazini ya Africa Today yonena za kugula matamando, ndipo maganizo amenewo ndiwo akula n'kukhala msana wa bukuli.

Mitu yoyambirira ikulondola mbiri. Kamuzu Banda atabwera mu 1958, nyimbo ndi magule a amayi zinali chida cholimbana ndi atsamunda komanso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Amayi monga Rose Chibambo anasonkhanitsa anzawo, ndipo amene ankavina nthawi imeneyo ankadziwa chimene akumenyera. Ufulu utabwera mu 1964, zinthu zinatembenuka. Kamuzu anadzitcha Nkhoswe Nambala Wani, ndipo mayi aliyense m'dziko muno anasanduka mbumba yake, afune asafune. Ife a kuno, Alomwe ndi Amang'anja, amene mtundu umatsata kuchikazi, timadziwa kulemera kwa mawu amenewa: nkhoswe ndi mlongo kapena malume amene amaimira mbumba pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Kamuzu anatenga udindo wa m'banja umenewu n'kuuveka boma. Amayi ankasiya minda, ana ndi odwala kuti akaphunzire nyimbo, ankanyamulidwa pa malole kupita kutali, ndipo wokana ankaonedwa ngati woukira. Boma lomwelo, mu 1973, linakhazikitsa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Thupi la mkazi linali ndi mwini wake wina, wolamula chovala ndi tsiku lovina.

Powerenga mitu imeneyi munthu wa ku Thyolo sangalephere kukumbukira thangata. Makolo athu amene anachokera ku Mozambique n'kukhala pa malo a azungu ankalipira malowo ndi thukuta, ntchito imene sinkawerengedwa ngati ntchito koma ngati ngongole. Kuvina kwa mbumba kunali kofanana: mayi ankapereka masiku ake kwa mwini dziko ngati kuti ali naye ngongole yosatha.

Pamene bukuli lafika pakoma ndi pa zimene zinachitika pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Ambiri ankaganiza kuti demokalase ithetsa kuvina kwa amayi, popeza otsutsa boma ankadzudzula mchitidwewu. Sikunathe. UDF ya Bakili Muluzi inaveka amayi zachikasu, AFORD ya Chakufwa Chihana inali ndi ake, MCP inasunga ake. Chimene chinasintha ndi chokokera. Kale mayi ankavina chifukwa cha mantha, tsopano akuvina mwa kufuna kwake, koma kufunako kuli ndi mtengo: nsalu, ndalama pang'ono, chiyembekezo choti tsiku lina adzamuganizira pa ngongole ya bizinesi kapena pa vuto la pakhomo. Gilman akusonyeza kuti apa panabadwa msika. Wandale akufuna khamu looneka bwino, nyimbo zomutamanda ndi zonyoza adani ake. Mayi wosauka ali ndi mawu, miyendo ndi tsiku lake. Awiriwa amakumana, koma samakumana ngati anthu ofanana mphamvu.

Mutu wina wonse ukufunsa chifukwa chimene amayi amavinira, ndipo ndi pamene ndinamulemekeza kwambiri wolembayu. Sakuwatenga amayiwa ngati anthu opusitsidwa. Ena amavina chifukwa amachikondadi chipani chawo. Ena amasangalala ndi gule weniweniyo, kuyenda ndi anzawo, kuona malo achilendo. Ena amapezerapo mpata wokwera m'maudindo a chipani, ndipo nthawi zina nyimbo imanyamula dandaulo limene mayi sakanatha kulinena pamaso pa bwana. Koma pansi pa zifukwa zonsezi pali umphawi, ndipo Gilman sakuubisa. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mayi amene wamva malonjezo a msewu ndi chipatala zisankho zingapo sakulakwitsa masamu akasankha nsalu ya lero.

Tiyeni tsikulo tiliyang'ane pafupi, monga limakhalira kuno. Mayi wadzuka kusanache, watunga madzi, wasiyira mwana wamkulu ufa ndi ndiwo. Lole yafika, akwera mothithikana, ena ndi ana kumbuyo. Pabwalo afika dzuwa lisanakwere, abwana adzafika litapendeka. Nthawi yonseyi akuimba, fumbi lili m'kamwa, mthunzi wa tenti uli kwa a mipando. Msonkhano ukatha, envulopu imapita kwa atcheya, ndipo imayenda m'manja angapo isanafike kwa ovina. Apa ndi pamene pamabuka mikangano: dzina la uje silinalembedwe, nsalu zaperewera, amene sanavine n'komwe alandira. Palibe amene anagwirizana za mtengo poyamba, choncho palibenso kokadandaula. Kumudzi tikamafupa wovina tchopa kapena pa perekaniperekani, wofupa amapereka chifukwa wasangalala, ndipo nkhani imathera pomwepo. Pamsonkhano wa ndale ndalama imaperekedwa m'dzina la kufupa, koma chimene chagulidwa ndi chithunzi cha khamu chimene chidzaoneke pa kanema, ndipo chithunzicho chimathandiza munthu kupeza mpando wa zaka zisanu, malipiro ndi galimoto.

Wina anganene kuti izi n'zathu zokha, za umphawi wa kuno. Ayi. Ku England, Teela Sanders ndi Kate Hardy anafufuza makalabu a usiku omwe akazi amavina atavula pamaso pa makasitomala, n'kulemba buku lotchedwa Flexible Workers mu 2014. Anafunsa ovina 197. Anapeza kuti ovinawo salembedwa ntchito, amatengedwa ngati odziyimira okha. Mkazi amalipira kalabu ndalama yolowera asanavine, kalabu imadulanso gawo pa zimene wapeza, ndipo pali zindapusa akachedwa kapena akaphwanya timalamulo ta pamalopo. Pafupifupi 70 mwa 100 aliwonse ananena kuti anabwererapo kunyumba ataluza ndalama m'malo mopeza. Makasitomala akachepa, mwini kalabu amangochulukitsa ovina, popeza aliyense wolowa amamulipira. Mu 2012 khoti la apilo la kumeneko linagamula kuti wovina wina wa ku kalabu ya Stringfellows ku London sanali wantchito wolembedwa, chifukwa kalabuyo sinali yokakamizika kumulipira.

Mayi wa mbumba ya chipani ndi wovina wa ku London ndi anthu osiyana kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti amayi athu ambiri sangakonde kutchulidwa pamodzi ndi iwo. Sindikufananitsa kavinidwe kapena kavalidwe. Chofanana ndi kayendedwe ka ndalama. Konseko thupi la mkazi ndilo limakoka anthu, mwini bwalo ndiye amatenga phindu lotsimikizika, ndipo tsiku likaipa woluza ndi wovina. Konsekonso anthu amakangana za ulemu n'kuiwala za malipiro. Mu 2018 boma la Zambia linabweza wovina Zodwa Wabantu wa ku South Africa asanavine, ndipo mkangano wonse unali pa zovala zake. Atsikana amene amavina kutsogolo kwa mabandi m'mabala a ku Limbe ndi ku Lilongwe timawanena zambiri, koma ndi angati amene anafunsapo kuti usiku ukatha amapita kunyumba ndi zingati, poyerekeza ndi woimba kapena mwini bala?

Kuno kwathu bukuli likuwerengeka mwa njira yakeyake. Malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi wa maesiteti monga Satemwa, Conforzi, Naming'omba, Makandi ndi a Eastern Produce. Nthochi zimene zinkaphunzitsa ana a ku Masambanjati ndi ku Molere zinasakazidwa ndi matenda a chisaka. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nthawi ya mvula, ndipo ambiri amalembedwa kwa miyezi yochepa chabe. Mayi amayenda m'mizere dengu lili kumsana, madzulo n'kukaima pa sikelo kuti aone ngati wakwanitsa mulingo. Chilimwe chikafika masamba amachepa, aganyu amaimitsidwa, ndipo kubwereranso kumadalira amene akulemba mayina. Mphamvu ya wolemba mayina si nkhani yaing'ono: mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wa Eastern Produce, inagwirizana zolipira mapaundi 2.3 miliyoni pa mlandu umene amayi 36 a m'maesiteti a kuno ku Malawi anakasuma ku London wokhudza nkhanza zogonana, ngakhale kuti kampaniyo sinavomere kulakwa. Mayi amene moyo wake uli chonchi akamva kuti kukubwera msonkhano wa chipani, amauwerenga monga amawerengera ganyu ina iliyonse. Kusiyana kwake n'kwakuti pa esiteti pali sikelo, pali tsiku lolandira, pali bungwe la ogwira ntchito. Pabwalo la ndale palibe chilichonse mwa zimenezi, chifukwa timati kumeneko si ntchito, ndi chikhalidwe chathu.

Mfundo yakuthwa kwambiri m'bukuli ili pomwepa. Gilman akusonyeza kuti andale akafunsidwa amathawira ku mawu oti chikhalidwe. Zoona, magule ndi athu. Tchopa wa Alomwe analembedwa ndi UNESCO mu 2014 ngati chuma cha anthu onse, ndipo amavinidwa ndi amuna ndi akazi pamodzi. Koma mwambo woti akazi okhaokha avale nkhope ya mwamuna mmodzi pansalu, avine pansi iye ali pamwamba, si wa makolo. Unapangidwa ndi andale m'zaka za m'ma 1960, ndipo chimene anthu anapanga angathenso kuchisintha. Zotsatira zake zimaoneka ku nyumba ya malamulo: pa chisankho cha 2014 amayi anapambana mipando 32 yokha mwa 193, ngakhale kuti m'misonkhano ndiwo amadzaza bwalo.

Bukuli lili ndi pofooka. Gilman ndi katswiri wa magule, si wa zachuma, choncho mphamvu zake zili pa nyimbo, kakhalidwe ka anthu pabwalo ndi maganizo a ovina. Wofuna kuwerengera maola amene mayi amataya, n'kuwayerekeza ndi zimene akanapeza kumunda, pamsika kapena pa esiteti, ayenera kuchita yekha masamuwo. Dera limene wolembayu analidziwa mozama ndi la kumpoto, ku Nkhata Bay, kumene nthaka ndi ntchito n'zosiyana ndi za kuno. Nthawi nayo yapita. Bukuli linatuluka Joyce Banda asanakhale mtsogoleri wa dziko mu 2012, pamene tinaona amayi akuvinira mayi mnzawo popanda kusintha kwenikweni kwa kachitidwe, komanso lisanabwere lamulo la zipani la 2018 loletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti. Ndipo lili m'Chingerezi cha ku yunivesite, chimene amayi ambiri amene akukambidwamo sangachiwerenge. Ichi chimandipweteka kuposa zonse.

Ngakhale zili choncho, ndikulilimbikitsa kwa aphunzitsi, atolankhani, atsogoleri a mipingo, a mabungwe a amayi, ndi aliyense amene akufuna kudzapikisana pa mpando. Sindikufuna kuti amayi aleke kuvina, ndipo sindinamve kuti ndicho cholinga cha Gilman. Ndikufuna kuti tivomereze kuti tsiku la mayi lili ndi mtengo. Chipani chikamufuna kuti adzaze bwalo, chinene poyera chimene chidzamupatse, chimupatse m'manja mwake, ndipo chimusiyire mpando pamene pakupangidwa ziganizo. Mwini bandi kapena bala achite chimodzimodzi kwa atsikana amene amamuvinira. Ophunzira athu a ku mayunivesite a ku Zomba ndi ku Ndata ali ndi ntchito yowadikira: abwere m'midzi ya ku Thyolo ndi kope, akhale pansi ndi amayi a m'maesiteti ndi a m'zipani, awerengere maola ndi makwacha, kenako alembe zimene apeza m'Chichewa kuti eni nkhaniyo aziwerenge okha.