Khutu la Mphunzitsi wa Sitandade 1

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, dzina lomveka pamudzi limakhala la mphunzitsi wa kalasi yomalizayo. Ndiye amene makolo amamugwira chanza pamsika, ndiye wolandira nkhuku mwana akasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. N'zoyenera, ntchito waigwira. Komatu mwana amene wawerenga funso la MANEB n'kulimva anaphunzira kuwerengako kalekale, atakhala pa simenti yozizira, maso ali pa mayi kapena bambo amene anthu sakumutchulanso. Mwa ntchito zonse za pasukulu, ine sindidziwa ina yofuna luso kuposa ya munthu ameneyu.

Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ambiri a Sitandade 1 ana amapitirira 100. Khamuli linayamba mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Linali dalitso lalikulu, kungoti zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Ndiye mu Seputembala mphunzitsi amalandira ana a zaka zisanu ndi chimodzi, ena ochepera apo amene angotsatira akulu awo, ena a zaka zisanu ndi zinayi amene anachedwa ndi ubusa wa mbuzi. Ambiri sanagwirepo pensulo. Wina akulira kufuna amake, wina watuluka osatsanzika chifukwa kwawo munthu sapempha chilolezo popita kuseri.

Asananene lembo ndi limodzi lomwe, mphunzitsi waluso amayamba wakonza pokhala. Amakhazika ana m'mizere, nasiya tinjira pakati toti iye azidutsamo mpaka kukhoma la kumbuyo. Kanthu kakang'ono, koma kalasi yopanda tinjira ili ndi ophunzira makumi awiri okha, akutsogolo aja. Ena onse amakhala oonerera. Mwana wotsinzina poyang'ana pabolodi amamukokera kutsogolo, wopendeketsa mutu pomvetsera amamuika pafupi ndi pamene iye amaima. Ndipo sakuwa. Phokoso likakwera iye amatsitsa mawu, kapena amaomba m'manja mwa kayimbidwe kena kake, ana n'kuyankha ndi manja awo, bata n'kubwera lokha. Wokuwa amasasa mawu teremu isanafike pakati. Chikwapu n'choletsedwa masiku ano, ndipo waluso sachisowa n'komwe, pakuti mwana wamantha satsegula pakamwa, pamene phunziro lonse la kuwerenga limayambira pakamwa.

Taonani mmene amaphunzitsira lembo la m. Sayamba ndi dzina lake. Amatseka milomo, natulutsa liwu lake m'mphuno motalikitsa, ana akumuyang'ana kukamwa. Kenaka amatsegula kukamwa kuti a. Amalemba malembo awiriwo motalikirana pabolodi, nayendetsa chala pansi pake kuchoka kumanzere, poyamba pang'onopang'ono, kachiwiri mofulumirako, kachitatu maliwu awiri aja agundana, asanduka ma. Liwiro la chalacho ndiye phunziro lenileni. Chikathamanga, mwana amangomva ma osadziwa kumene wachokera. Chikachedwa kwambiri, maliwu awiri aja sakumana m'mutu mwake.

Chichewa chimamuthandiza pamenepa. Malembo a liwu ndi asanu okha, pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa limodzi mwa asanuwo, ndipo mawu timawalemba monga momwe amamvekera. Mwana akagwira chinsinsi cha kuphatikiza, chitseko chatseguka. Akuluakulu amene anaphunzira ndi buku la Sosa amakumbukira mizere ya maphatikizo imene ankaitchula mokweza mpaka kumveka kumsewu. Pulogalamu ya Maziko a Kuwerenga, imene inatsogolera ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga ya mu 2016, inasintha kayambidwe. M'malo moyenda a, b, c, aphunzitsi ankayamba ndi malembo opezeka kawirikawiri m'mawu athu, mndandanda umene ankautcha ANIKUMETO. Nzeru yake ndi yakuti mwana wodziwa a ndi n yekha angathe kale kuwerenga mawu akuti ana. Akaonjezera k wawerenga kana, akafika pa m, t ndi o wawerenga moto. Sadikira miyezi kuti alawe kukoma kwa ntchito yake.

Koma m'kufewa komweku muli msampha, ndipo apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wongogwira ntchito. Ma, me, mi, mo, mu imakoma kuimba. Mwana angathe kuitchula yonse bwinobwino maso ali pazenera. Ana zana akaitchula pamodzi, mlendo wodutsa panja amati m'kalasimo muli maphunziro, chonsecho owerenga enieni ndi khumi, ena onse akungotsatira. Mphunzitsi waluso amamva zimenezi. M'mawu a khamu lonselo amamva kuti mbali ya kukhomo ikulowa mochedwa pang'ono, kachedwedwe kochepa kwambiri kosonyeza kuti akuyamba amva anzawo kenaka n'kubwereza. Zili ngati mkulu wa ng'oma pabwalo, amene pakati pa ng'oma zonse zikulira amadziwa kuti imodzi yafooka, ikufunika kukaiwamba pamoto. Amayang'ananso maso. Mwana wowerenga maso ake amakhala pa chala cha mphunzitsi, wongotsatira maso ake amakhala pa milomo ya mphunzitsi kapena ya mnzake.

Akamva choncho amaphwanya nyimboyo. Amaloza mu, n'kudumphira pa me, n'kubwerera pa ma. Amayambira pansi kukwera m'mwamba. Amatseka pakamwa pake, chala chokha n'kumayenda. Chithunzi cha m'buku amachiphimba ndi chikhatho kuti mwana asaone mphaka n'kunena kuti mphaka asanayang'ane lembo. Kenaka amachepetsa khamulo: mzere wakumbuyo wokha, atsikana okha, amene maina awo amayamba ndi liwu limeneli, pomaliza mwana mmodzi. Sasankha okweza manja okhaokha, oliza zala aja akuti "Ine madamu! Ine madamu!" Amawadziwa kale amenewo. Amene akumufuna ndi uja wabisala kumsana kwa mnzake.

Buku la mphunzitsi limagawa phunziro patatu: mphunzitsi achite yekha ana akuona, achite pamodzi ndi ophunzira, kenaka ophunzira achite okha. Aliyense angathe kuwerenga zimenezi. Chimene buku silingalembe ndi nthawi yosiyira. Wongoyamba kumene ntchito amakakamira gawo lachiwiri chifukwa limamveka bwino, kalasi yonse ikuyankha, iye mtima uli m'malo. Waluso amalimba mtima n'kukhala chete, ngakhale chete ameneyo atatalika. Ine ndimaona kuti mphindi yovuta kwambiri pa ntchitoyi ndi imeneyi: mwana waima, milomo ikunjenjemera, yankho lili pakamwa pa mphunzitsi, anzake ena akufuna kulilavula, koma mphunzitsiyo akukweza dzanja kuti onse adikire.

Nanga mwana akalakwa? Sanena kuti walakwa, khala pansi. Amati, "Wayesa mwanawe, tamvetsera." Amatchula liwu loyamba yekha, mwana abwereze, lachiwiri, mwana abwereze, kenaka chala chiyende. Chofunika n'chakuti mwanayo asakhale pansi mawu olondola asanatuluke pakamwa pake. Akatero mphunzitsi amati, "Timuombere m'manja!" ndipo kuombako kumakhala ndi mitundu yake imene kalasi inagwirizana. Mwana amene waomberedwa m'manja ndi anzake zana, mawa amadzuka yekha.

Kulemba nako kuli ndi ukatswiri wake. Ana amayamba kulemba m'malere ndi chala. Mphunzitsi akalemba m'malere atayang'anizana nawo, b wake kwa iwo amaoneka ngati d, choncho amawafulatira, nakweza mkono pamwamba, akuwasuzumira chapaphewa. Wosadziwa zimenezi amadzala yekha chisokonezo chimene adzalimbane nacho chaka chonse. Kuchoka m'malere amapita panja kukalemba pa dothi, aliyense kadera kake, iye akuyenda pakati pawo. Dothi ndi kope losatha, ndipo cholakwa chimafufutika ndi chikhatho popanda manyazi. Ena amalembana pamsana, wolembedwayo anene lembo limene walimva. Pensulo imabwera pambuyo, nthawi zina yoduka pawiri kuti ikwanire ana awiri. Mphunzitsi amagwira kadzanja ka mwana, kuika chala chachikulu apa, cholozera apa, n'kuyenda naye kamodzi kokha. Wamanzere amamusiya ndi manzere ake.

M'tsogolo muno mumabwera maphatikizo olemera, a mph, nkh, ntch ndi ng'. Kuti ana amve kusiyana kwa pala ndi phala, amawauza kuti aike chikhatho patsogolo pa kamwa. Ponena phala kamphepo kamagunda chikhatho, ponena pala sikagunda. Lembo la h limene linali losamveka lasanduka chinthu chokhudzika pakhungu.

Zipangizo zake zambiri ndi zotola. A ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa njira imene aphunzitsi amaitcha TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Makatoni a kugolosale amasanduka makadi a malembo. Thumba la feteleza losokedwa timatumba limapachikidwa kukhoma kuti makadiwo azilowamo n'kupanga mawu. Pa masamu pamabwera timiyala, zitsekerero za mabotolo, njere za chimanga ndi timitengo, timene ku Sitandade 2 timamangidwa m'mitolo ya khumikhumi. Madzulo zonsezi zimalowa m'chikwama kupita kunyumba, chifukwa kalasi yopanda loko imakhala ya mbuzi ndi chiswe.

Amadziwanso kuwerenga nyengo. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zimakhala zitatha, ana amabwera m'mimba mulibe kanthu. Kumene kuli phala la likuni, monga m'sukulu zothandizidwa ndi Mary's Meals, bungwe limene linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002, ana amafika ndi makapu m'manja, ndipo mphunzitsi amadziwa kuti fungo la phala likangofika pazenera phunziro latsopano silingalowe. Chovuta amachiika pamene mimba zakhazikika. Mvula ikagunda malata, mawu onse n'kumira, salimbana nayo. Amatembenukira pabolodi, ana n'kuyamba kulemba. Wophunzitsira pansi pa mtengo amatsamiritsa bolodi ku thunthu n'kumasuntha kalasi yonse kutsata mthunzi. Ku Mangochi ndi ku Machinga kumene ana ambiri amabwera ndi Chiyao, ku Rumphi ndi ku Mzimba kumene amabwera ndi Chitumbuka, ku Nsanje kumene amabwera ndi Chisena, ntchito imawirikiza, poti mwana akuphunzira lembo ndi chiyankhulo nthawi imodzi. Waluso amaphunzira moni ndi mawu ochepa a kwawo kwa anawo, napeza kamwana kodziwa ziyankhulo zonse ziwiri kuti kazimuthandiza.

Makoleji a aphunzitsi, kaya ku Karonga, ku Kasungu, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku St Joseph's ku Bembeke, amapereka maziko: kulemba sikimu, kukonza phunziro, kugawa bolodi. Koma khutu lomva ongotsatira lija limamera m'kalasi, patapita zaka. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona ahedi ena akuika mphunzitsi wawo wodalirika ku makalasi a mayeso, kalasi yoyamba n'kuipatsa amene wangofika kumene, ati poti ndi ya ana, n'kungoimba nawo basi. Mwana wodutsa Sitandade 1 ndi 2 akuimba maphatikizo osawawerenga amakafika Sitandade 5, kumene maphunziro amayenda m'Chingerezi, atanyamula mtolo umene palibe angamutule msanga. Ambiri obwereza kalasi ndi osiyira sukulu panjira anayamba kutayika m'chaka choyamba chomwechi.

Mphunzitsi wabwino amadziwa zimenezi, ndipo kaundula kwa iye si mwambo chabe. Poitana maina amakweza maso pa dzina lililonse. Mwana akajomba masiku atatu amafunsa, "Ndani amakhala naye pafupi?" natuma uthenga kwa makolo. Amadziwa kuti tsiku la msika mzere wina umachepa, kuti uyu amabwera atabereka mng'ono wake mpaka pachipata, kuti uyo malungo amamubwerera. Pochonga makope sakhala pampando kudikira mulu. Amayenda m'tinjira tija ndi bolopeni yofiira, akuwerama pa mwana aliyense, chifukwa cholakwa chokonzedwa pensulo ili m'manja chimachoka, pamene chokonzedwa mawa chimakhala chitazika mizu.

Teremu yachitatu ikamapita kumapeto amayesa ntchito yake m'njira imene nyimbo singathandize. Amaitana ana mmodzimmodzi, anzawo akulemba, naonetsa khadi la mawu amene sanawalembepo pabolodi chaka chonse, opangidwa ndi malembo amene anaphunzira. Wina amawerenga mosadodoma. Wina amayamba waika chala pansi pa phatikizo loyamba, kulitchula, lachiwiri, kulitchula, kenaka n'kudzidzimuka yekha pomva kuti zimene wanenazo ndi mawu amene amawadziwa kunyumba. Ameneyu mphunzitsi sada naye nkhawa, njira waipeza. Wina amayang'ana khadi, n'kuyang'ana nkhope ya mphunzitsi kufuna yankho. Dzina la ameneyo limalembedwa kumapeto kwa kope la mphunzitsi, pamodzi ndi malembo amene akumuvuta. Belu loweruka likalira, anzawo akuthamangira kunyumba, ana a pa mndandandawo amatsala pang'ono pakhonde, makadi a katoni n'kutulukanso m'chikwama, kuyambiranso pa a ndi n.