Ng'oma ya Adani a mu PlayStation

Mbalule iyankhule, mpanje uvomere! Anyamata a pa Kamuzu Road, ndi inu a ku Senga Bay omwe ndalama ya usipa imathera pa PlayStation, dzasumulani zala. Lero tikutamanda otipha athu.

Lowani m'bwalo a Shao Kahn, Mfumu ya Outworld, Chisoti-cha-chigaza, Nyundo-yosafunsa-mlandu! Chiyambire Mortal Kombat II mu 1993 mukungomeza maiko. Mukufunanji, mfumu? Dziko lina. Mukalimeza? Linanso. Mimba yokhayokha ngati ng'ona ya m'Linthipe. Takuombani m'manja, pitani.

Iwe Bowser, mlendo wosakhala wa mu PlayStation, Kamba-waminga, Mlavulamoto, wakuba Peach yemweyo kuchokera 1985, wogonja kwa Mario yemweyo! Dutsa msanga, ana akukudikira.

Ng'oma ikwere! A Heihachi Mishima, Nkhalamba ya Tekken, Imvi-zoima-ngati-nyanga, Bambo-woponya-mwana-kuphompho! Munati mwana wanu Kazuya akakwera yekha ndiye kuti ndi magazi anu. Anakwera, nakuponyani komweko. Inunso munakwera, nkumuponya m'phiri la moto. Banja lanji ili, lopanda ndi ankhoswe omwe? Apa pokha pali mlandu woti akuluakulu akhalire pansi, chifukwa nkhanza zanu mumazitcha kulera.

Chepetsa pang'ono, woimba ng'oma, akubwera Baldur wa mu God of War ya 2018. Mwana-wotemeredwa-ndi-mayi, Thupi-losamva-mpeni, Lilime-losamva-mchere! Freya, poopa maliro a mwana wake, anamukhwimira kuti asamve ululu, ndipo ululu pochoka unatenga zonse: kuzizira, kutentha, kukoma kwa chakudya. Munthu woti mwera umuombe pa gombe usiku wonse, iye osadziwa. Mufuna kupha amayi anu, a Baldur, ndipo ife ogwira padi timakumenyani mtima uli mwa inu.

Koma nthungululu zazikulu tasungira inu, a Big Smoke a ku Grove Street, a mu GTA San Andreas ya 2004! Chipewa-chakuda, Mimba-ya-m'mudzi, Mnzathu-wodya-naye-mbale-imodzi! Mulibe nyundo, mulibe nyanga, mulibe zithumwa. CJ, yemwe timamuyendetsa ndi padi, atabwerera ku Los Santos kudzaika amayi ake, munamukumbatira ndinu. Zipolopolo za adani a Ballas zikulira, anzanu akuwombera, inu munali kumpando wa galimoto kukometsa nkhuku ndi tchipisi, ife nkumaseka. Kuseka ife! Osadziwa kuti munagulitsa kale mudzi kwa Tenpenny, wapolisi wovunda, kuti mukhale mfumu ya mankhwala ozunguza bongo.

Shao Kahn timamuona akadali kutali, timakonzeka. Inu tinakunyamulani pa galimoto, tinathamangitsa nanu sitima pa njinga yamoto mpaka kutukwana sikirini, tikukutchani achimwene. Wodya-ndiwo-za-maliro! Mlonda-wotsegulira-akuba! Mbale-wa-pakamwa! Mudzi uliwonse kuyambira Chipoka mpaka Lifuwu uli ndi wake wotero, ndipo dzina amalidziwa.

Imenyeni mbalule mpaka chikopa ching'ambike, Big Smoke avine yekha!