Kufufuta si kubweza mawu

Ophunzira anga atatu anandifunsa sabata yatha kuti mawu a Chingerezi akuti retraction tiziwamasulira bwanji m'Chichewa. Awiri anati "kuchotsa", wina anati "kufufuta". Ine ndikukana onse awiri, ndipo chifukwa chake ndinachiphunzira m'minda ya tiyi ku Thyolo, mochititsa manyazi ndithu.

Ndidakali wophunzira, ndinalemba kankhani kakafukufuku kokhudza mayina a malo a m'maesiteti, ndipo kanatuluka m'magazini ina ya maphunziro. Msana wa nkhaniyo unali wakuti ntchito ya tiyi ndi imene inapereka mayina kuderali, ndipo umboni wanga waukulu unali dzina la Thyolo lenilenilo, limene ndinati linachokera ku mneni "kuthyola". Zinkamveka bwino, eti? Patapita chaka ndinabwererako kukajambula mawu a anthu othyola tiyi. Pa nthawi yopuma ndinawafotokozera gogo ena maganizo angawo monyadira. Anandiyang'ana, dengu lili pamsana, n'kuti: "Mwanawe, phiri lija linkadikira tiyi kuti lipeze dzina?" Nditabwerera kukafufuza, ndinapeza kuti dzinali, lolembedwa kuti Cholo, linalipo kale m'mapepala a azungu a zaka za m'ma 1890, tiyi asanafalikire m'bomali. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mkonzi nditamuuza, anati tingoichotsa nkhaniyo pa intaneti mwakachetechete, palibe adziwe. Apa ndi pamene pali mkangano wanga.

Pali kulakwitsa kwa mitundu iwiri. Ngati walemba 1923 m'malo mwa 1932, kapena wasemphanitsa tebulo, koma mfundo yaikulu ikuimabe, kumeneko n'kukonza basi: magazini imatulutsa chidziwitso chachifupi, nkhani n'kukhalabe. Koma ngati mzati wagwa, ngati mmene unagwera wanga, nkhani yonse siyodalirikanso. Malangizo amene bungwe la COPE linatulutsa mu 2009 amati nkhani yotereyi iziikidwa chizindikiro choonekeratu, ndipo chidziwitso chizinena amene akuibweza ndi chifukwa chake. Chitsanzo chodziwika ndi nkhani ya Andrew Wakefield yokhudza katemera wa MMR, imene The Lancet inasindikiza mu 1998 n'kudzaibweza mu 2010. Mukaifunafuna lero muipeza, koma itadindidwa chizindikiro. Sinafufutidwe.

N'chifukwa chake ndikuti mawu oyenera ndi "kubweza mawu". Si mawu opeka ayi, tili nawo kale. Kubwalo kwa amfumu, munthu akanyoza mnzake amauzidwa kuti abweze mawu, ndipo amawabweza pamaso pa anthu omwewo amene anamva. Ku Nyumba ya Malamulo sipikala akalamula phungu kuti abweze mawu, onse amamva zimene ananena komanso kubwezako. Mneni "kubweza" amavomereza kuti mawu anatuluka, anafika kwa anthu, ndipo mwini wake akuwatenganso. "Kufufuta" kumanamizira kuti sananenedwe. Nanga amene anawerenga kale nkhani yanga n'kuikopera m'zolemba zake, akadamva kwa yani kuti inali yolakwika?

Thyolo yemweyo akutipatsa phunziro lina. Alomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, n'kukhala m'minda ya azungu pansi pa thangata, mabuku ndi malipoti a atsamunda ankawatchula kuti Anguru. Eni ake ankaliona dzinali kukhala lonyoza. Mu 1943 Lewis Mataka Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe la Lomwe Tribal Society, ndipo m'zaka zomwezo boma linavomera kusiya dzinalo n'kumalemba kuti Alomwe. Kumeneku kunali kubweza mawu kwenikweni, kochita kumenyeredwa.

Tsono chimene chimandidandaulitsa m'zolemba za ophunzira ndi ichi. Ena amakopera dzina lakalelo m'mabuku akale ngati kuti palibe chinachitika. Enanso, pofuna ulemu, akamagwira mawu a lipoti la 1920 amasinthiratu dzinalo n'kuika "Alomwe" mkati mwa zizindikiro zogwirira mawu, osanena kanthu. Oyambawo sanamve kuti mawu anabwezedwa. Achiwiriwo akufufuta. Akumuchapa mtsamunda pakamwa, n'kubisanso nkhondo imene a Bandawe anamenya. Njira yoongoka ndi yakuti mawu ogwidwa akhale mmene analembedwera, kenako inu mufotokoze pansi pake kuti dzinali linakanidwa, liti, ndiponso ndi ndani.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti kusunga cholakwa poyera n'kuchipatsa moyo. Pali choona pamenepo, chifukwa nkhani ya Wakefield anthu akuitchulabe ngakhale inabwezedwa. Koma kubisa sikupha cholakwa, kumangochotsa chenjezo. Taonani kambalame kosowa ka m'nkhalango za mapiri a kuno kummwera, kamene Sclater anakatcha choloensis mu 1927. Kalembedwe ka boma kanasintha kukhala Thyolo, dzina lake la Chingerezi nalo ambiri analisintha, koma la sayansi likadali ndi "cholo" wake. Akatswiri a zinyama salisintha mwachisawawa, kuti wofufuza aliyense athe kulondola mapazi mpaka pamene dzinalo linayambira. Ifenso a zinenero tizisiya mapazi oonekera.

Mkonzi uja pamapeto pake anavomera. Nkhani yanga ikadalipo, pamwamba pake pali ndime yonena kuti mlembi wabweza mawu ake chifukwa dzina la Thyolo ndi lakale kuposa tiyi wa m'bomalo. Ndikaiona mpaka lero nkhope imagwa. Koma chaka chatha wophunzira wina anabwera ndi maganizo omwewo a "kuthyola", ndipo asanafike patali anakumana ndi ndimeyo. Inamupulumutsa miyezi itatu.

Choncho anzanga, m'mndandanda wathu wa mawu tilembe motere: kukonza, pamene mfundo yaima, kubweza mawu, pamene mfundo yagwa. "Kufufuta" tiwasiyire a bolodi ndi choko. Amene ali ndi mawu abwino kuposa amenewa abwere nawo, ndipo akandigonjetsa ndidzabweza anga pompano, poyera.