Kodi Nzeru Zingayezedwe ndi Nambala Imodzi?

M'chaka cha 2005, Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi pa yunivesite ya California ku San Diego, adafalitsa nkhani yaifupi yonena kuti ntchito yonse ya munthu wofufuza ingathe kuyezedwa ndi nambala imodzi. Nambalayo imatchedwa h-index. Kapezedwe kake ngosavuta. Ngati munthu ali ndi nkhani 10 za kafukufuku, ndipo iliyonse mwa nkhanizo idatchulidwa m'zolemba zina kosachepera ka 10, nambala yake ndi 10. Kuti ikwere kufika pa 11, pafunika nkhani 11 zotchulidwa ka 11 iliyonse.

Muyeso umenewu uli ndi ubwino wake, ndipo sitingaukane. Sulola munthu kudzitama ndi mulu wa zolemba zimene palibe amene adazigwiritsa ntchito. Ine, amene ndidakhala zaka zambiri ndikuchonga mayeso, ndimadziwa kukoma kwa nambala: imathetsa mkangano msanga. Koma paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Taganizirani za Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene adatha zaka za pakati pa 1856 ndi 1863 akubzala nsawawa m'dimba la nyumba ya ansembe, n'kumawerenga modekha kuti ndi mbewu zingati zidatengera kutalika kapena mtundu wa makolo ake. Nkhani yake idatuluka mu 1866 m'magazini ya kabungwe kakang'ono ka m'tauni momwemo. Kwa zaka zoposa 30 idatchulidwa mwa apo ndi apo, ndipo mwini wake adamwalira mu 1884 anthu asadazindikire chimene adapeza. Mu 1900 ndi pamene Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak adaibweretsa poyera. Lero wophunzira aliyense wa bayoloje amaloweza malamulo a Mendel. Koma akadayezedwa ndi nambala ya Hirsch ali moyo, bwenzi ataikidwa kumapeto kwa mzere. Nambala imangoona zimene anthu a nthawi yako adamvetsa. Siiona zimene adalephera kumvetsa.

Tsono yang'anani mbali inayo. Mu 2014 magazini ya Nature idaunika nkhani zotchulidwa koposa m'mbiri ya sayansi. Pamwamba padali nkhani ya Oliver Lowry ndi anzake ya mu 1951, yofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni, imene idali itatchulidwa koposa ka 300,000. Nkhani ya Watson ndi Crick ya mu 1953 yofotokoza kapangidwe ka DNA siidalowe n'komwe pa nkhani 100 zoyambirira. Chifukwa chake n'chakuti aliyense wogwiritsa ntchito njira ya Lowry amayenera kuitchula, pamene chinthu chikadziwika kwa aliyense, anthu amaleka kunena kumene chidachokera. Ndani amatchula dzina la amene adayamba kusula khasu pamene akulima?

Palinso vuto la kusiyana kwa maphunziro. Ofufuza zamankhwala ndi ambiri, amalemba pafupipafupi, ndipo amatchulana kwambiri. Akatswiri a masamu amalemba pang'ono ndi kutchula anthu ochepa. Wofufuza kakhalidwe ka chambo m'nyanja yathu ali ndi owerenga ochepa kuposa wofufuza matenda a khansa, ngakhale onse atagwira ntchito mwaluso lofanana. Kuwayerekeza ndi nambala yomweyo n'kupondereza mmodzi.

Chimene chimandivutitsa kwambiri ndi nkhani ya kugwirira ntchito pamodzi. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, ndipo sayansi ya masiku ano singayende popanda magulu. Koma h-index siifunsa kuti ndani adasenza mbali yolemera. Dzina lililonse limene lili pa nkhani limalandira ulemu wathunthu, kaya mwini wake ndiye adaganiza funsolo, kaya adangobwereketsa chipangizo. Mu 2015 ofufuza a ku CERN adafalitsa nkhani yonena za kulemera kwa kanthu kotchedwa Higgs boson, yokhala ndi olemba 5,154. Mwa masamba ake 33, masamba 9 okha ndiwo adafotokoza kafukufukuyo. 24 otsalawo adali a maina a olembawo ndi malo awo a ntchito. Nkhaniyo ikatchulidwa kamodzi, aliyense wa anthu 5,154 aja amalandira mphotho yofanana ndi imene Mendel akadalandira pa ntchito imene adaigwira yekha m'dimba muja.