Sitima ya Mchere ndi Shuga: filimu ya njanji yathu, owonera ali kutali

Amene anali atakula kale m'zaka za nkhondo ku Cuamba, ku Mandimba ndi kuno ku Itepela amakumbukira mmene shuga ankasowera. Anthu ankanyamula mchere wochokera kugombe n'kukasinthanitsa ndi shuga wa ku Malawi. Nkhani imeneyi ndiyo Licínio Azevedo anaiika mu filimu yake ya mu 2016 yotchedwa Comboio de Sal e Açúcar, kutanthauza sitima ya mchere ndi shuga. Sitimayo imanyamuka ku Nampula kulowera kumalire a Malawi, pa njanji yomweyi yodutsa ku Cuamba, itanyamula anthu wamba ndi asilikali owaperekeza.

Filimuyi ndi yabwino, ndipo ubwino wake uli poti siikometsera mbali ya boma. Zigawenga zili kutchire, mtsogoleri wawo Xipoco timangomumvera mbiri, koma mantha enieni ali m'sitima momwemo. Msilikali Salomão amaona akazi apaulendo ngati malipiro a ntchito yake. Taiar, msilikali mnzake, amakana khalidweli, ndipo namwino Rosa amapezeka pakati pa awiriwa. Azevedo anabadwira ku Brazil n'kubwera ku Mozambique m'zaka zoyambirira za ufulu, ndipo akuonetsa kuti anamvetsera bwino anthu a m'njira imeneyi: sitima yoyenda ngati nkhono, njanji zozulidwa zimene apaulendo omwewo amazikonza, ludzu, kudikira. Pamene filimu yafooka ndi kumapeto, pomwe nkhani ya anthu ambirimbiri yasanduka mkangano wa amuna awiri ngati m'mafilimu a makaubodi.

Koma chimene chandivuta kwambiri ndi chilankhulo. Anthu a m'sitimayi amalankhula Chipwitikizi pafupifupi nthawi yonse. Mayi wogulitsa mchere pa njanji ya Nampula akamalira mwana wake amalira m'Chimakuwa, ndipo akafika ku Entre Lagos amatsatsa malonda m'Chinyanja kapena m'Chiyao. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Ndalama zopangira filimuyi zinachokera ku makampani a ku Portugal, France, Brazil, South Africa ndi Mozambique. Inayamba kuonetsedwa ku Locarno, m'dziko la Switzerland, mu Ogasiti 2016, ndipo inali filimu yoyamba imene dziko lathu linatumiza ku mpikisano wa Oscar. Wopereka ndalama amaganizira owonera amene iye akuwadziwa.

Sizinali choncho nthawi zonse. Ufulu utangobwera mu 1975, boma linakhazikitsa Instituto Nacional de Cinema, ndipo bungweli linkajambula nkhani zazifupi zotchedwa Kuxa Kanema. Magalimoto onyamula makina ankazungulira m'midzi kukaonetsa zithunzi pabwalo usiku. Mwini wake anali boma la Frelimo, choncho mawu omveka kwambiri anali a Samora Machel, ndipo wotsutsa analibe malo. Komabe filimu inkayenda kukapeza munthu wakumudzi. Nkhondo inatseka misewu, nyumba ya bungweli inapsa mu 1991, ndipo kuyambira pamenepo opanga mafilimu athu akhala akudalira thandizo lakunja.

Lero ana athu amaonera kanema kuposa mmene makolo awo ankaonera. Pamsika pali tinyumba ta vidiyo toyendera jenereta kapena sola, ndipo mafilimu amayenda pa memori khadi kuchoka pa foni ina kupita pa ina. Ambiri mwa mafilimuwa ndi a ku China, India ndi Nigeria, omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a ku Malawi, ndipo amawoloka malire a Chiponde ndi Mandimba mosavuta ngati sopo. Omasulirawa sapempha chilolezo kwa eni filimu, amawonjezera nthabwala zawo, nthawi zina nthabwala zosayenera ana. Koma pali chinthu chimodzi chimene anachidziwa msanga: munthu amalipira kuti amve nkhani m'chilankhulo chimene amachimva. M'tinyumba timeneti ine sindinaonepo dzina la filimu ya Azevedo litalembedwa pa bolodi.

Ngakhale filimu ikhale m'chilankhulo chathu, nkhani ya umwini imatsalabe. The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya Chiwetel Ejiofor ya mu 2019 yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu, ili ndi Chichewa chambiri. Koma inatulutsidwa pa Netflix, komwe kumafunika intaneti yamphamvu ndi ndalama za mwezi ndi mwezi. Mwana wa ku Ngauma, amene akanaimva popanda womumasulira, ndiye womaliza kuipeza mwa njira yovomerezeka.

Zimenezi zikutikhudza ife a maphunziro a zilankhulo ziwiri. Kuyambira pa ntchito yoyesera ya PEBIMO, imene inaphunzitsa m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza pakati pa 1993 ndi 1997, mpaka pamene maphunzirowa anafalikira mu 2003, takhala tikuuza makolo kuti chilankhulo cha pakhomo chikhoza kunyamula nzeru zozama. Koma mwana akatuluka m'kalasi amapeza kuti chilankhulo chake pa kanema ndi cha nthabwala ndi nkhonya, pamene nkhani ya agogo ake yasungidwa m'Chipwitikizi. Phunziro limenelo amalitenga msanga kuposa lathu.

Pempho langa ndi laling'ono. Eni filimuyi alole kuti imasuliridwe pakamwa m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakuwa, aphunzitsi athu agwire ntchitoyo pamodzi ndi omasulira amene anthu anawazolowera kale, ndipo ionetsedwe kwa akuluakulu ndi ophunzira a ku sekondale, popeza muli nkhanza zosayenera ana aang'ono. Ikatha, amene anakwerapo sitimayo asanafike mtendere wa mu 1992 anene okha pamene Azevedo analondola ndi pamene anaphonya. Ambiri a iwo akalamba, ndipo ntchitoyi siyofunika kuichedwetsa.