Muslin: nsalu ya ku Dhaka, dzina la ku Mosul

Sabata yatha ndimawerenga Northanger Abbey ya Jane Austen pafoni, magetsi atathima, ndipo liwu limodzi linandikola: muslin. Pa dansi ina ku Bath, Henry Tilney akudabwitsa Mayi Allen poonetsa kuti nsalu imeneyi amaidziwa bwino: mtengo wake pa yadi, ngati ingalimbe ikachapidwa, komanso yomwe anagulira mlongo wake, yochokeradi ku India. Ndinaseka, sindikana. Austen amatha kuseka anthu okonda zovala mosawanyoza.

Koma nditalifufuza dzinali, kuseka kuja kunachepa.

Muslin ndi nsalu ya thonje, yofewa, yopyapyala moti kuwala kumadutsa. Angerezi anatenga liwuli ku Chifalansa, mousseline, Afalansa nawo analitenga kwa Ataliyana, ndipo gwero lake ndi Mosul, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Tigris ku Iraq. Marco Polo anatchulapo nsalu za kumeneko, ngakhale zomwe ankanena iyeyo zinali za silika ndi golide. Chonsechotu muslin wapamwamba, amene amayi a m'nthawi ya Austen ankalimbirana, ankalukidwa ku Dhaka, m'dera la Bengal. Thonje lake, phuti karpas, linkalimidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Meghna, ndipo ulusi ankaupota m'mamawa kukadali chinyezi kuti usaduke. Amati nsalu yathunthu inkadutsa mu mphete ya chala.

Bukuli linatuluka mu 1817. Apo n'kuti East India Company italamulira Bengal zaka zoposa 50, ikufinya oluka kuti azigulitsa motchipa, uku mafakitale a ku Britain akutulutsa muslin wa makina. Luso la ku Dhaka linazilala, thonje lija n'kusiya kulimidwa.

Dandaulo langa ndi ili: Tilney akutchula India pofuna kungotsimikizira kuti wamalonda sanamupusitse. Wolukayo anamanidwa kale dzina la nsalu yake, ndipo m'bukumu akumanidwanso ngakhale chiganizo chimodzi.

Mnzanga wina anati, "Iwenso, mayiyu amalemba za maukwati, ukufuna akhale mtolankhani?" Mwina akunena zoona. Komatu mu Mansfield Park, Austen yemweyu akutiuza kuti banja la a Bertram lili ndi minda ku Antigua, mpaka Fanny Price akufunsa za malonda a akapolo, anthu m'nyumbamo n'kungoti zii. Ndiye ankadziwa kufunsa komwe chuma chimachokera. Pa muslin sanafunse.