Kalankhulidwe ka Mpingo Ngati Chida cha Akathyali m'Kanema wa Believe Me

1. Mau Oyamba

M'pepala lino tifuna kuunika kanema woseketsa wotchedwa Believe Me, amene adatuluka ku America m'chaka cha 2014. Adamutsogolera ndi Will Bakke, ndipo adamukonza ndi kampani yaing'ono ya Riot Studios ya mumzinda wa Austin ku Texas. Za ukatswiri wa kajambulidwe tiwasiyira eni ake a ntchitoyo. Ife chatikoka ndi funso limene kanemayu afunsa pakati pa nthabwala zake: kodi nchifukwa chiyani anthu akhulupirira munthu pongomva kuti alankhula monga iwo?

2. Nkhani Yake Mwachidule

Sam, amene mbali yake adaseŵera ndi Alex Russell, ali m'chaka chomaliza pa koleji pamene auzidwa kuti thandizo la ndalama za sukulu lamuthera. Ataona m'tchalitchi china m'mene Akhristu aperekera mosaumira, iye ndi anzake atatu, Pierce, Tyler ndi Baker, apeka bungwe labodza lokumba zitsime ku Africa. Posakhalitsa gulu lina lofalitsa uthenga, lotchedwa Cross Country, liwatenga kuti ayende nalo m'mizinda kulalikira ndi kusonkhetsa ndalama. Vuto lawo nlakuti saali okhulupirira. Tsono kuti asagwidwe ayenera kuphunzira kalankhulidwe ka mpingo monga mlendo aphunzirira chilankhulo cha eni dziko.

3. Kuphunzira Kalankhulidwe ka Eni

M'chaka cha 1964 Halliday, McIntosh ndi Strevens adalongosola chimene m'Chingerezi achitcha register, ndiko kusintha kwa mau ndi ziganizo malinga ndi malo, ntchito ndi anthu amene tilankhula nawo. M'pepala lino tichitcha kalankhulidwe ka pamalo. Gaŵo lokoma koposa la kanemayu ndi pamene anyamata anayiwo akhala pansi kusanthula kalankhulidwe kotere. Achita monga wofufuza zilankhulo aliyense: amvetsera, aŵerenga mau obwera kaŵirikaŵiri, napanga malamulo. Apeza kuti pemphero limveka la mwini ngati muonjezi "just" aikidwa patsogolo pa aneni ambiri, ndiponso ngati dzina la Mulungu libwerezedwa pafupipafupi, ngakhale pamene chiganizo sichilifuna. Ngakhale kakwezedwe ka manja poimba akagaŵa m'mitundu, uliwonse ndi dzina lake.

Chimene tiona apa nchakuti zizindikiro zimene gulu lizindikira nazo munthu wake nzochepa, ndipo nzokhazikika. Chinthu chochepa ndi chokhazikika sichivuta kuloŵeza. Woimba wa gululo, Gabriel, asonyeza mathero a njira imeneyi: nyimbo yake yangotsala ndi dzina limodzi lobwerezedwabwerezedwa, koma khamu liilandira ndi manja aŵiri. Mau aleka kunyamula uthenga, asanduka chiphaso choloŵera pakhomo.

4. Lonjezo Lopanda Mtima

J. L. Austin, m'buku lake la 1962 lotchedwa How to Do Things with Words, adasiyanitsa njira ziŵiri zimene mau ochita ntchito alepherera. Yoyamba ndi pamene ntchitoyo sichitika konse, monga ngati munthu wopanda udindo adalitsa ukwati. Yachiŵiri ndi pamene ntchito ichitikadi koma wolankhulayo alibe mtima wake, monga wolonjeza amene safuna kukwaniritsa. Searle adaikulitsa mfundoyi m'chaka cha 1969 poika kuona mtima pakati pa zofunika za lonjezo. Chinyengo cha Sam nchamtundu wachiŵiriwu. Lonjezo lake ndi lonjezo ndithu, opereka aperekadi, ndalama ziloŵadi m'thumba. Callie, mtsikana wokhulupirira moona amene ayendetsa ulendowo, alankhula mau omwewo amene Sam alankhula, ndipo khutu silingathe kuwasiyanitsa. Palibe mphatikiri kapena kamvekedwe ka liu kamene kasonyeza kuona mtima. Apa mpamene pagona mphamvu ya kanemayu, ndipo tiyamika Bakke kuti sanaseke chikhulupiriro cha anthu, koma chizoloŵezi choyesa munthu ndi mau ake okha. Makolo adachiona kale ichi ponena za chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

5. Pamene Kanemayu Afooka

Dzina la bungwe labodzalo ndi Get Wells Soon. Anyamatawo adatenga mau ofunira wodwala kuti achire msanga, naonjezapo lemba limodzi kuti liu lonena za kukhala bwino lisanduke zitsime. Womasulira m'Chicheŵa sangaisunge nthabwalayi, pakuti kuchira ndi chitsime sizikumana m'kamvekedwe. Komatu nthabwalayi iululanso kanthu kena: Africa aikidwa pa mphasa ngati wodwala woyembekeza kuzondedwa.

Apa ndipo tili ndi mlandu ndi kanemayu. Aonetsa bwino kuti kwa operekawo liu lakuti Africa ndi dzina lopanda mudzi, lopanda mfumu, lopanda chilankhulo, longoyenera kugwetsa misozi. Koma iye mwini salidzaza dzinalo. Nkhani yonse ichitikira ku America, ndipo chimene tiuzidwa kuti tide nacho nkhaŵa ndi chikumbumtima cha Sam, osati mayi amene chitsime chake sichinakumbidwe. Motero kanemayu agwa m'mbuna yomwe aloza anzake.

6. Phunziro kwa Okonza Chilankhulo

Ife amene tipanga ndi kukhazikitsa mau a zachitukuko, zaumoyo ndi zamaphunziro tiyenera kuvomera kuti liu lililonse lokhazikika litumikira woona ndi wonama mofanana. Sitinena kuti ntchitoyo ileke, pakuti popanda mau ogwirizana palibe kumvana. Tinena kuti pamodzi ndi mndandanda wa mau, womvera aphunzitsidwe kufunsa chimene chiganizo chabisa. Titenge chitsanzo cha m'Chicheŵa momwe. Tikanena kuti "zitsime zidzakumbidwa", mphatikiri -idw- wachotsa wochita ntchitoyo, ndipo -dza- wakankhira nthaŵi kutsogolo kosatchulidwa. Chiganizocho nchosalakwika m'malamulo onse a galamala, koma palibe amene angagwidwe nacho. Tikanena kuti "ine ndikumba zitsime ziŵiri m'mudzi wakutiwakuti mvula isanagwe", tapereka wochita, chiŵerengero, malo ndi nthaŵi, ndipo bodza likhala ndi pogwirira.

Mabuku a sukulu ndi mapulogalamu a wailesi aphunzitsa kwambiri kulankhula bwino. Pempho lathu nlakuti okonza maphunziro a chilankhulo apatse malo ofanana luso la kumvetsera mofunsa, kuyambira pa mafunso anayi aŵa: ndani, zingati, kuti ndi liti.